Thobwa lanu likamasasa msanga, yang'anani zigubu ndi zotsekera

Inu ophika thobwa, kaya lakumwa pakhomo kaya logulitsa, ine ndinkataya ndowa yathunthu nyengo yotentha ndikumaganiza kuti vuto ndi chimera, pomwe vuto linali m'ziwiya. Chigubu chimaoneka choyera koma mukanunkhiza mkati mumamva kafungo kowawasa, ndi m'mizere ya chotsekera mumakakamira phala lakale louma, limenelo ndi lomwe limasasitsa latsopano usiku umodzi wokha.

Mukangotsanula tsukani pompo lisanaume. M'mabotolo ndi m'zigubu momwe dzanja sililowa thirani timiyala kapena mpunga wosaphika pang'ono ndi madzi a sopo, khutchumulani mwamphamvu, zonse zimachoka. Zotsekera muzikwecha ndi kamswachi kakale. Kenako viikani zonse mu malita 5 a madzi momwe mwathira supuni imodzi yaikulu ya Jik kwa mphindi 20, tsukuluzani ndi madzi owiritsa amene azizira mpaka fungo lithe, n'kuvundikira pathandala padzuwa, osapukuta ndi nsalu chifukwa imabwezeretsa zomwe mwachotsazo. Jik osasakaniza ndi viniga chonde, mpweya wake ndi woopsa.

Mthiko, chipande ndi sefa yachitsulo ingowiritsani mphindi 10, koma mabotolo a pulasitiki m'madzi owira amakwinyika. Ndowa ya pulasitiki musamaikweche ndi sitiliwaya, m'mikwingwirima yake ndi momwe tizilombo timabisala ndipo sopo safikamo, ikakandika kwambiri bola muziingochapira zovala mugule ina ya thobwa lokha.