Ndalama za boma za kafukufuku wa mbewu: mlimi wa ku Harare amalowera pati?

Chichitikireni chilala cha 2023/24, chomwe boma la Zimbabwe linachilengeza mu Epulo 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, nkhani ya mapira, mawere, mchewere ndi khobwe ili m'kamwam'kamwa. Ku Epworth, Mabvuku ndi Mufakose, madera a m'chigawo cha Harare, alimi akufunsa kuti ndalama za kafukufuku wa mbewuzi angazipeze bwanji. Kunena mosabisa, ndalamazi sizilowa m'thumba la mlimi. Zimapita kwa ofufuza, kudzera ku mabungwe monga Research Council of Zimbabwe, ndipo ntchito yake imagwiridwa ndi nthambi ya boma ya Department of Research and Specialist Services ndi mayunivesite. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulembeni m'kaundula wa olandira ndalamazi, mukaneni.

Mlimi amalowera pa munda woyeserera. Mbewu ikachita bwino kumalo ofufuzira imayenera kuyesedwanso m'minda ya anthu wamba, ndipo mlangizi wa Agritex, nthambi ya boma ya ulangizi wa zaulimi, akafunsidwa mayina amatchula gulu lomwe akulidziwa kuti limalemba zochita zake. Choncho khalani pagulu, mudziwane ndi mlangizi wa m'dera lanu, ndipo yambani kuyesa panokha chaka chino.

Malo ofunika si aakulu, sakwana ndi munda umodzi wa mamita 39 ndi 16 wa Pfumvudza, ndondomeko ya boma ya ulimi wosunga chinyontho. Sankhani pamene nthaka ndi yofanana, kutali ndi chulu, mthunzi wa mtengo kapena pomwe panali dzala, pakuti malo oterowo amakometsa mbewu imodzi n'kunamizira inzake. Lamulo limaletsanso kulima pasanathe mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje. Dulani timinda 12, kalikonse mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, n'kusiya kanjira ka mita imodzi pakati. Mbewu zikhale zinayi: mapira, mawere, khobwe, ndi chimanga chomwe mumalima kale kuti chikhale poyerekezera. Mbewu iliyonse ipatseni timinda titatu tobalalika, osati toyandikana. Apa mpomwe ambiri amaphonya. Amadzala mapira kumtunda kouma, chimanga kumunsi kwa chinyontho, kenako n'kumati mapira alibe phindu.

Dzalani zonse tsiku limodzi, mvula yodzalira ikagwa. Mapira: masentimita 75 pakati pa mizere, kuzama kwa masentimita 3, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu zitamera patulirani kuti mapesi atalikirane masentimita 15 mpaka 20. Mawere ndi aang'ono ngati mchenga, choncho asakanizeni ndi mchenga wouma kuti asaunjikane, mizere italikirane masentimita 30, ndipo musawakwirire mozama chifukwa satuluka. Apalireni msanga, pakuti ali aang'ono amafanana ndi udzu, ndipo mukachedwa mudzazula mbewu n'kusiya udzuwo. Khobwe wosayanga: masentimita 45 ndi 15. Mupatseni feteleza wa Compound D podzala basi. Mukamubereketsa ndi feteleza wa ammonium nitrate ngati chimanga, amangochita masamba, zikhokombe n'kuchepa.

Pogula mbewu samalani ndi mayina. M'Chishona nyemba ndi khobwe wathu, osati nyemba zomwe ife timazidziwa. Mapira ndi mapfunde, mchewere ndi mhunga, nzama ndi nyimo. Gulani mbewu ya m'paketi yolembedwa dzina la mtundu wake, monga mapira a Macia kapena khobwe wa CBC2, ndipo paketiyo musataye. Mbewu ya m'chigoba ya ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, ndi yabwino kuphika, koma wofufuza sangagwiritse ntchito zotsatira za mbewu yosadziwika mtundu.

Mdani wamkulu wa mapira m'tauni ndi mbalame. Kamunda kakang'ono kopanda mapira ena pafupi kamatha m'masiku ochepa njere zikafika pa mkaka, makamaka mapira oyera. Ofiira amawawirako, mbalame siziwakonda kwenikweni. Maluwa akangotha, phimbani ngala ndi timatumba ta pepala kapena ukonde, osati pulasitiki, chifukwa imasunga chinyezi ngala n'kuchita nkhungu. Mdani wachiwiri ali m'nyumba momwemo: chitambe. Amayi akamathyola masamba a khobwe woyeserera kuti apeze ndiwo, zokolola zimatsika popanda wodziwa chifukwa chake. Dzalani mzere wapadera wa ndiwo kunja kwa timindato, mkangano uthe.

Kope likhale limodzi, wolemba mmodzi. Lembani tsiku lodzala, lomera, lopalira, lothira feteleza ndi muyezo wake, lochita maluwa ndi lokolola, komanso tsiku lomwe mwaona nsabwe pa khobwe, kaufiti kapena mbozi m'chikonyo cha chimanga ndi mapira. Mvula muziiyeza m'mawa uliwonse ndi chitini chowongoka m'mbali choikidwa pabwalo, n'kuviika rula.

Pokolola siyani mizere ya m'mphepete, pakuti imadya dzuwa ndi chinyontho cha m'kanjira ndipo imabereka mopitirira. Pimani pakati pa kamunda mamita 4 ndi 2.5, omwe ndi masikweya mita 10, n'kukolola pomwepo pokha. Punthani, petani, yanikani mpaka njere izithetheka poiluma, kenako ikani pa sikelo. Kilogalamu imodzi pamenepo ikuimira matumba 20 a makilogalamu 50 pa hekitala. Phatikizani zokolola za timinda titatu ta mbewu imodzi n'kugawa ndi 3. Kamunda komwe kadyedwa ndi mbuzi kapena kabedwa kalembeni momwemo, osakonza chiwerengero. Kopelo mupite nalo kwa mlangizi Ogasiti asanathe, nthawi yomwe ntchito za mvula yotsatira zikukonzedwa.