Akakupezani ndi kachotupa ka parathyroid, fufuzani izi musanabwerere kwa dokotala

Poyamba musasokoneze ndi chithokomiro chija chimatupa pakhosi ayodini akamachepa m'thupi, ayi. Ma parathyroid ndi tinthu tina, tinayi, kalikonse kukula kwake ngati kambewu ka mpunga, tinabisala kuseri kwa chithokomirocho ndipo timatulutsa hormone yotchedwa PTH yomwe imayang'anira calcium m'magazi. Kamodzi kakakula nkukhala kachotupa, madokotala amati adenoma, basi kamangotulutsa PTH osapuma, calcium nkumachoka m'mafupa kukadzaza m'magazi, ndiye munthu ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, miyala mu impso, mafupa kuwawa, kutopa kosadziwika bwino. Si khansa. Khansa ya pamenepa ndiyosowa, sifika ndi 1 pa anthu 100 alionse a vutoli.

Kwa ambiri kamangoyamba kokha, selo imodzi yasokonekera nkumachulukana, palibe chomwe munadya kapena munalakwitsa, ndipo musataye ndalama kufufuza amene anakulodzani. Kamakonda amayi, makamaka amene adutsa zaka 50 ndipo anasiya kusamba. Koma pali zifukwa zina zodziwika zomwe dokotala sangazidziwe inu mukapanda kumuuza.

Yambani ndi kumudzi. Imbirani amayi, azakhali, amalume, funsani ngati pali wina ankavutika ndi miyala mu impso kangapo, kapena anachitidwa opaleshoni ya pakhosi, kapena anali ndi chotupa cha pituitary, kachiwalo kotulutsa ma hormone kali pansi pa ubongo, kapena cha kapamba (pancreas). Pali matenda akumtundu otchedwa MEN1, kholo likakhala nawo mwana aliyense mwayi wotengera ndi theka, ndipo awa amayamba munthu akadali wachinyamata nkugwira tinthuto tingapo nthawi imodzi osati kamodzi. Ngati simunafike zaka 40, apa ndiye pofunsa zenizeni, ngakhale akuluakulu azizemba nkhani ya matenda monga mwa nthawi zonse.

Kenako kumbukirani ngati munalandirapo radiotherapy, chithandizo chija chowotcha chotupa ndi cheza champhamvu, pakhosi kapena kumutu, makamaka muli mwana. Kachotupaka kamatha kuoneka patapita zaka 20 kapena 30, munthu unaiwala kale. X-ray wamba wa pachifuwa uja si amene tikunena.

Tsopano tulutsani kabuku ka kuchipatala, ngakhale kaja kanang'ambika chikuto kali pansi pa sutikesi, muone mankhwala omwe mwakhala mukumwa. Lithium, amene amaperekedwa pa matenda a maganizo otchedwa bipolar, akamwedwa zaka zambiri amatha kukulitsa ma parathyroid. Koma chonde musasiye nokha, ndi dokotala yekha angasinthe. Hydrochlorothiazide wa BP uja sayambitsa chotupa koma amakweza calcium pang'ono, ndiye atha kusokoneza zotsatira za magazi, mutchuleni. Ngati muli ndi vuto la impso lokhalitsa kapena munauzidwapo kuti vitamin D ndi wochepa nenaninso, chifukwa izi zimatupitsa tonse tinayi ndipo chithandizo chake ndi china.

Zonsezi lembani papepala, mkati muja munthu umaiwala ukangoona anthu ali pamzere panja. Pemphani ayeze calcium ndi PTH pa magazi otengedwa nthawi imodzi, calcium wabwino amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Podikira zotsatira muzimwa madzi ambiri, ndipo mapilisi a calcium ogula nokha ku famase ayambe adikira.