Sewero la mphindi 10 m'kati mwa phunziro: malangizo kwa aphunzitsi a pulayimale ku Mzuzu

Aphunzitsi ambiri akamva za sewero amaganiza za tsiku lotsekera sukulu, makolo atadzaza mabenchi, kamnyamata katadzola choko kumutu kuti kaoneke ngati gogo. Zimenezo zili ndi malo ake. Pano ndikunena za kasewero kolowa m'kati mwa phunziro lenileni, kosafuna zovala zapadera kapena mlendo wolemekezeka, ndipo musadikire nthawi ya Expressive Arts kuti mukachite. Masamu, Chichewa, Chingerezi ndi Life Skills, onsewa amalola.

Tiyambe ndi masamu a Sitandade 3. Pali mwana amene mukamulembera 500 kuchotsa 350 pabolodi amangoluma pensulo, koma mayi ake akamutuma kumsika wa Zigwagwa kapena pa kaokala ka ku Chibavi sabwerako ndi chenji choperewera. Masamuwo amawadziwa, chomusokoneza ndi bolodi. Ndiye bweretsani msikawo m'kalasi. Dulani timapepala, lembanipo K50, K100 ndi K500. Timiyala tikhale tomato, zitsekerero za mabotolo zikhale mandasi. Iyi ndi TALULAR, njira ija yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi imene tinaphunzira ku koleji, sifuna ndalama ya ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mmodzi agulitse, wina agule, ndipo inu munong'oneze wogulitsayo kuti abweze chenji cholakwika dala. Muona kalasi yonse ikudzuka ndi phokoso. Pamenepo ndiye muitane mmodzi mwa okuwawo kuti alembe pabolodi zimene zachitika: ndalama yoperekedwa, mtengo wake, ndi yoyenera kubwezedwa. Sewero likathera pa kuseka ndi kuwomba m'manja basi, osafika pabolodi ndi m'makope, mwangosangalatsa ana, simunaphunzitse.

Ndikudziwa chimene munene: ana ndi ochuluka. Zoonadi, chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu sanapumepo, ndipo phunziro ndi la mphindi 30 kapena 35 zokha. Gawani ana m'magulu a 6 kapena 8, magulu onse ayeserere nthawi imodzi, koma okaonetsa kutsogolo akhale magulu awiri okha. Otsalawo adzaonetsa tsiku lina, ndipo muzilemba kuti pasakhale gulu lodumphidwa. Oonerera nawo muwapatse ntchito sewero lisanayambe, monga kuwerengera chenji kapena kumvetsera mawu atatu atsopano. Mwana wopanda chochita ndi amene amayamba kutsina anzake. Kunja kukakhala mvula kapena chifunga chathu chija cha mu Juni, ingokankhirani madesiki akutsogolo kukhoma. Malo oti ana anayi n'kuimapo akwana.

Nkhani ya chiyankhulo ndi yofunika kwambiri kuno. Ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, ena Kyangonde, pomwe mabuku a pulogalamu ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Aloleni poyeserera ayambe ndi chiyankhulo chimene chili pafupi ndi pakamwa pawo. Akagwira nkhaniyo, abwereze m'chiyankhulo cha phunzirolo. Musamudule mwana pakati pa chiganizo chifukwa walakwitsa mneni. Lembani cholakwacho pambali, mukonzere onse pamodzi pomaliza, osatchula dzina.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi yoimitsa sewero pakati. Ana amene anaona kolera wa mu 2022 ndi 2023 akudziwa kale mawu oti "tizisamba m'manja", amawaimba ngati nyimbo. Koma achititseni sewero la pakhomo: mlendo wachoka kuchimbudzi, akufuna kutunga madzi akumwa mu ndowa ndi kapu yomwe aliyense akumwera, ndipo mlendoyo ndi amalume. Dzanja likamayandikira ndowa, nenani "Imani pomwepo!" Funsani kalasi kuti mwana wa pakhomopo anene chiyani kwa amalume ake mosawachititsa manyazi. Amene wayankha alowe m'bwalo, ayesere yekha. Mayankho awiri kapena atatu akayesedwa, ana amasankha okha limene lingatheke kwawo.

Pogawa mbali samalani. Mwana mmodzi asamangokhala wakuba kapena chidakwa nthawi zonse, dzinalo limamutsatira mpaka kunyumba. Atsikana nawo akhale mfumu, dokotala, dalaivala wa minibasi, osati ophika nsima okhaokha. Musalole kuseketsa anthu potengera mayendedwe a munthu wolumala, khungu la mwana wachialubino kapena katchulidwe ka mtundu wina. Ndipo ngati m'kalasimo muli wina amene wangoferedwa kumene, sewero la maliro liyambe ladikira. Wamanyazi musamukoke dzanja. Mupatseni kaye mbali yopanda mawu, agwire dengu, sabata yamawa adzanene chiganizo chimodzi.

Aphunzitsi a Sitandade 8 amandiuza kuti alibe nthawi, mayeso a MANEB ayandikira. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo musankhe mutu umene ana akulephera mobwerezabwereza. Mu pulani ya phunziro lembani cholinga cha sewerolo, mphindi zake, ndi mafunso atatu amene mudzafunse likatha.