Pointi imodzi kapena mapointi awiri: kusankha bwino pa mpira wa ku America

Ife amene timachezera usiku kuno ku Zomba poonera mpira wa NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, timatsutsana kwambiri timu ikangopeza touchdown (kulowa ndi mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya timu inayo), imene imapereka mapointi 6. Kodi amenye mpira kuti udutse pakati pa mitengo ndi kuonjezera pointi imodzi, kapena ayese kulowanso nawo kuchokera pa mayadi 2 kuti apate awiri?

Yambani ndi masamu. Mu 2015 NFL inabweza malo omenyera mpira kufika pa mzere wa mayadi 15, kotero kuti womenya amalimbana ndi mtunda wa mayadi 33, ndipo amagoletsa pafupifupi maulendo 94 mwa 100 alionse. Kuyesa mapointi awiri, kumene NFL inaloleza mu 1994, kumatheka pafupifupi theka la nthawi. Mukawerengetsa, phindu la njira ziwirizi silisiyana kwenikweni, choncho chimene muyenera kuyang'ana ndi kusiyana kwa mapointi pamodzi ndi nthawi yotsala.

Masewero akamapita kumapeto, mukatsala ndi mapointi 2 pambuyo pa touchdown, yesani awiri kuti mufanane. Mukatsogola ndi pointi imodzi, yesaninso awiri, chifukwa kutsogola ndi 2 sikungakutetezeni ku field goal ya mapointi 3 (kumenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo masewero ali mkati), pamene mukatsogola ndi 3 imangokufananitsani.

Pamene anzanga a ku Matawale amandikanira ndi apa. Timu imene inatsala ndi 14 ikapeza touchdown imatsala ndi 8, ndipo ine ndimati iyese awiri pomwepo. Zikatheka, touchdown yotsatira ndi kumenya kumodzi zimaipatsa chipambano; zikakanika, idakali ndi mwayi wina woyesa awiri n'kufananitsa. Kudikira kumaoneka ngati nzeru, koma kumangokufikitsani ku nthawi yoonjezera, kumene aliyense angathe kupambana.

Ndimakumbukira Super Bowl (masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL) ya mu February 2017, imene kuno inayamba itadutsa 1 koloko usiku, ife titafunda mabulangete chifukwa cha mphepo yochokera kuphiri. New England Patriots inatsalira 28-3 kwa Atlanta Falcons, inaphonyanso pointi imodzi ya womenya, ndipo inayenera kupeza mapointi awiri kawiri konse, kudzera mwa James White ndi Danny Amendola, kuti ifike 28-28 isanapambane 34-28.

Musaiwalenso kuona nyengo ndi thanzi la womenya wanu, pakuti kukakhala mphepo yamphamvu kapena iye akamatsimphina, pointi imodzi ija imasiya kukhala yotsimikizika. Ndipo kuyambira 2015, otchinga akalanda mpira n'kuthamanga nawo mpaka kumapeto kwa bwalo, mapointi awiriwo amakhala awo.