Kupita kukaphunzira kunja maliro atangochitika pakhomo

Kalata yokuuzani kuti mwapeza sikolashipu ikhoza kufika mwezi womwewo umene mwaika m'manda mayi, bambo kapena mwamuna wanu, ndipo pamenepo munthu amasowa pogwira, chifukwa mayunivesite a ku Britain amatsegulira mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo tsiku limenelo silisunthidwa chifukwa cha maliro a kwanu. Ngati mwasankha kupitabe, choyamba kuchita ndi kuwalembera kalata amene akulipirirani maphunziro pamodzi ndi a kuyunivesite, kuwauza za zovutazo musanakwere ndege. Ambiri amabisa poopa kuti mwayi ulandidwa, koma kubisako ndiko kumadzawapweteka pamene mayeso afika mutu usakugwira. Funsaninso ngati n'kotheka kudzayamba chaka chamawa, podziwa kuti malamulo amasiyana: a Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, mwachitsanzo, salola kusunthira mwayiwo ku chaka china, choncho wolephera kupita amayenera kudzafunsiranso.

Musachoke m'dziko opanda satifiketi ya imfa. Ku Malawi imaperekedwa ndi a National Registration Bureau, ndipo ngati malemu anamwalirira kumudzi osati kuchipatala, pamafunika umboni wa amfumu, zimene zimatenga masiku ndithu. Ijambuleni n'kuisunga mu imelo yanu. Mayunivesite a ku Britain ali ndi dongosolo limene amalitcha extenuating circumstances kapena mitigating circumstances, lopatsa wophunzira amene wagweredwa zovuta masiku oonjezera kapena mwayi wolemba mayeso nthawi ina, koma kawirikawiri amafuna umboni wolembedwa, ndipo pempholo lili ndi tsiku lake lotsekera.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya pabanja, ndipo imeneyi siyenera kukambidwa pa WhatsApp muli kale kutsidya kwa nyanja. Khalani pansi ndi amalume, azakhali ndi abale anu onse, makamaka pa tsiku lometa pamene anthu asanabalalike, ndipo mugwirizane za amene asamale ana amasiye, amene asunge makiyi a nyumba ndi mapepala a malo, komanso amene azitsatira za ndalama za malemu kuntchito kwawo kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, koma lamulo limagwira bwino pamene pali wina woima pakhomo. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'kope, ndipo aliyense amve ndi makutu ake.

Pa msonkhano womwewo nenani zoona za ndalama. Achibale akamva kuti mukupita ku London kapena ku Edinburgh amaganiza kuti tsopano ndinu mwalowa m'malo mwa malemu, pamene ndalama ya mwezi ndi mwezi ya sikolashipu inawerengedwa kuti ikwanire munthu mmodzi pa lendi, chakudya ndi mayendedwe. Viza ya wophunzira wa digiri imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo kupyola pamenepo kukhoza kukuthamangitsitsani. Tchulani ndalama yochepa imene mungathe kutumiza mosadumphitsa, mwina ya fizi ya mng'ono wanu kapena ya feteleza, ndipo izipita kwa munthu mmodzi wodziwika. Ine ndimaona kuti kulonjeza zochepa n'kuzikwaniritsa kumasunga ubale kuposa kuvomera zonse chifukwa cha manyazi a pamaliro.

Mukafika, chisoni sichibwera sabata yoyamba, pamene muli kalikiliki kufuna nyumba ndi kutsegula akaunti kubanki. Chimadza mu Disembala, dzuwa likamalowa cha m'ma 4 koloko masana, mutakhala nokha m'kachipinda, dzanja n'kupita lokha pa nambala ya malemu imene simunafufute m'foni. Kwathu wofedwa sagona yekha, pakuti amayi a mvano kapena a chigwirizano amachezera naye m'siwa mpaka mbandakucha, koma kunjaku palibe amene angagogode pachitseko ngati simunamuuze. Choncho lembetsani kwa dokotala sabata zoyambirira, pitani kwa aphungu a payunivesite amene amathandiza ophunzira kwaulere, muuzeni mphunzitsi wokuyang'anirani, ndipo funani mpingo kapena mzikiti ndi gulu la Amalawi a mumzindamo. Tengani kanthu ka malemu m'chikwama, kaya ndi chitenje chawo kapena buku lawo la nyimbo.

Mukaona kuti zakukanikani, musangosiya kupita m'kalasi mwakachetechete, chifukwa yunivesite imayenera kudziwitsa boma za wophunzira wa viza amene wasowa. Pitani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja mukafunse za kupuma kovomerezeka ndi mmene kungakhudzire viza yanu. Za chiliza, pemphani akuluakulu musananyamuke kuti mwambo wake udikire kubwera kwanu. Maphunziro ambiri a digiri yachiwiri ku Britain amatenga chaka chimodzi, ndipo mabanja ambiri amamanga chiliza patapita nthawi yonga imeneyo, dothi la pamanda litakhazikika.