Zoyenera kuchita phiri likayamba kugumuka

Ambiri mwa ife okhala m'munsi mwa mapiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kuno ku Mozambique, timakhulupirira kuti phiri la nkhalango silingagumuke. Mitengo imathandizadi, koma mizu yake imagwira dothi lapamwamba lokha, ndipo mvula ikagwa masiku angapo mosalekeza, madzi amalowa mpaka pathanthwe, kenako dothi limatsetsereka pamodzi ndi mitengo yomweyo. Makolo athu ankati wadutsa napolo. Anzathu a ku Malawi anaona zoopsazi ku Phalombe mu 1991, ndiponso ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche.

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mvula ikakhathamiritsa nthaka, yenderani kumtunda kwa mudzi masana, makamaka kumene kunaotchedwa makala kapena kutsegulidwa minda yatsopano. Yang'anani ming'alu m'nthaka, mitengo yoyamba kupendekera kumunsi, ndi akasupe otumphuka pamalo amene kale panali pouma. Chizindikiro chimene ndimachiopa koposa ndi cha mtsinje: madzi akachepa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, dziwani kuti dothi ndi mitengo zatseka khwawa kumtunda, ndipo zikaphulika zidzatsika zonse nthawi imodzi. Mukaona chimodzi mwa izi, uzani amfumu tsiku lomwelo kuti uthenga ufike ku boma ndi ku bungwe la INGD, loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo banja lonse likagone kwa achibale kutali ndi khwawa. Usiku ndiye woopsa, chifukwa anthu amakhala ali m'tulo.

Mukamva mkokomo wonga wa galimoto yaikulu, kapena kuthyoka kwa mitengo ndi kugundana kwa miyala, musayambe kulongedza katundu kapena kumasula ng'ombe. Nyamulani ana, gwirani dzanja okalamba, ndipo thawirani chammbali kulowera pamtunda wolimba. Musatsike ndi khwawa, pakuti matope amathamanga kuposa munthu.

Phiri likangogumuka, mtima umafuna kubwerera kukakumba, koma malo amene agumuka kamodzi amatha kugumukanso mvula ikapitirira. Opulumutsa anzawo aike munthu mmodzi pamalo okwera, woyang'anitsitsa phirilo ndi kuimba wenzulo akaona dothi likusuntha. Madzi a pachitsime chimene mwalowa matope muziwawiritsa musanamwe, kuopa kolera.