Class imodzi, mafayilo awiri: mmene ndimathetsera vutoli pa pulogalamu ya mageti

Lolemba lina cha m'ma 6 koloko m'mawa, mlonda wa pa complex ina ku Randburg anandiimbira foni. Ndi wakwathu, ndiye tinangoyankhulana Chichewa. "Achimwene, pali mayi aima pano kalekale, akuika chala koma geti likukana. Abwana awo akudikira kuti awasiyire mwana." Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yolemba pulogalamu ya PHP imene imauza mageti kuti uyu alowe, uyu ayi, komanso nthawi yanji. Lachisanu lake ndinali nditasintha lamulo kuti ogwira ntchito m'nyumba azilowa kuyambira 5:30 m'malo mwa 7 koloko. Koma geti linkatsatirabe lamulo lakale, chifukwa mu pulojekiti munali ma class awiri (class ndi chigawo cha code chokhala ndi dzina lakelake) a dzina limodzi, `AccessRule`, ndipo ine ndinakonza imene seva sinkaiwerenga. PhpStorm, editor imene ndimalemberamo code, inakhala ikundichenjeza kwa milungu ingapo kuti "Multiple definitions exist for class", ine osalabadira. Mayi aja anaima panja m'chisanu cha mu June chifukwa cha chenjezo limenelo.

Choyamba dziwani kuti akudandaula ndani. Ikakhala editor, kaya PhpStorm kaya VS Code yokhala ndi Intelephense, pulogalamu imatha kumayendabe. Ikakhala PHP yeniyeniyo, zonse zimaima ndipo mumaona "Cannot declare class AccessRule, because the name is already in use", kapena "Cannot redeclare class". Ameneyu ndi wabwinoko, amakuwa. Woopsa ndi Composer, chida chimene chimalozera PHP fayilo imene muli class iliyonse: akapeza class imodzi m'mafayilo awiri amangolemba "Ambiguous class resolution", n'kunena kuti agwiritsa ntchito yoyambayo, basi n'kupitiriza. Mzere umenewu umadutsa pakati pa mizere ina yambiri ndipo anthu sauona.

Musanafufute chilichonse, funsani PHP kuti ikuwerenga fayilo iti. Chitani zimenezi pa seva pomwepo, osati pa laputopu pokha, ndipo ikani mzerewu pansi pa pamene mwaitana `vendor/autoload.php`:

`echo (new ReflectionClass(AccessRule::class))->getFileName();`

Yankho lake ndi limene likutsegula ndi kutseka geti panopa. Kenako sakani malo onse amene dzinalo lalengezedwa:

`grep -rniE "class\s+AccessRule\b" --include=*.php .`

Chilembo cha `i` chija musachisiye. PHP siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa dzina la class, pamene Linux imasiyanitsa pa dzina la fayilo. Ndiye `accessrule.php` ndi `AccessRule.php` atha kukhala mu foda imodzi pa seva, koma kwa PHP ndi class yomweyo.

Kwa ine grep inatulutsa mafayilo awiri, ina ili mu foda ya `src/bak`. Ndinaikopera ndekha tsiku lina magetsi atatsala pang'ono kuzima, batire ya laputopu ili yofooka. Popeza `composer.json` yathu inali ndi `classmap` yoloza `src` yense, Composer anawerenga ndi bak yemwe. Mukapeza zotere, yerekezani mafayilo awiriwo ndi `diff` kaye. Nthawi zambiri mnzanu wina anakonzapo kanthu mu fayilo yolakwikayo osadziwa, ndipo mukaifufuta mwachangu mwataya ntchito yake. Ine ndinapezamo lamulo loletsa makontilakita kulowa Lamlungu, limene munalibe mu fayilo yeniyeni. Samutsani zofunikazo, ikani zonse mu Git, kenako chotsani foda ya bak mu pulojekiti. Ngati pali chifukwa chenicheni choti ikhalebe, ilembeni pansi pa `exclude-from-classmap` mu `composer.json`.

Nthawi zina ma class awiriwo ndi osiyana ntchito, angofanana dzina. Pa ntchito ya zilolezo zimenezi n'zosapeweka, chifukwa aliyense amafuna mayina omwewo: `User`, `Role`, `Permission`, `Gate`. Pa pulojekiti ina ya Laravel (framework ya PHP) ndinali ndi `App\Models\Gate`, kutanthauza geti lachitsulo la pa msewu, pomwe Laravel ili ndi `Gate` yakeyake yoona za zilolezo, `Illuminate\Support\Facades\Gate`. Mukaitana zonse ziwiri mu fayilo imodzi, PHP imakana kuti dzinalo lagwiritsidwa kale ntchito. Njira yachidule ndi kupatsa imodzi dzina lina pamalo pomwepo: `use App\Models\Gate as BoomGate;`. Zimatheka, koma ine ndimakonda kusinthiratu dzina la class yanga kukhala `BoomGate` paliponse, pogwiritsa ntchito Rename ya editor kuti isinthe malo onse nthawi imodzi. Amene adzawerenge code imeneyi usiku geti litafa asadzafunike kuganiza kuti `Gate` ndi iti. Ndipo ngati code yanu ilibe namespace n'komwe (gawo lakutsogolo la dzina la class, ngati `App\Models` lija), iikeni. Zinabwera ndi PHP 5.3 mu 2009, ndipo mukatsatira PSR-4, lamulo la kasanjidwe ka mafayilo a PHP, dzina la class limaloza fayilo imodzi yodziwika.

Bwanji ngati grep yapeza fayilo imodzi yokha koma PHP ikukuwabe? Ndiye kuti fayiloyo ikuitanidwa kawiri. Fufuzani `require` kapena `include` ndipo musinthe kukhala `require_once`, kapena muchotse mzerewo ngati autoload ikuigwira kale.

Pali njira ina imene ndikupemphani kuti musaiyese: kukutira class mu `if (!class_exists(...))`. Uthenga wofiira umatha, inde. Koma mwangolola kuti imene yayamba kuwerengedwa ndiyo ilamulire. Pa webusaiti yogulitsa nsapato mwina mungapulumuke. Pa geti, munthu amene munamuchotsa mwezi watha atha kulowa, kapena mlonda n'kuona manambala a foni ndi zidindo za zala za anthu okhala m'nyumbazo. Lamulo la POPIA, la kuno ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, limene makampani anayenera kuyamba kulitsatira mokwanira pa 1 July 2021, limaika zidindo za zala m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera.

Pomaliza pamabwera editor. Pali nthawi zina pamene PHP ili bwinobwino, yasokonezeka ndi editor yokha. Fayilo ya `_ide_helper_models.php` ya pa Laravel imabwereza mayina a ma model mwadala, ndipo foda ya `vendor` yokoperedwa kawiri imachitanso chimodzimodzi. Mu PhpStorm dinani fodayo ndi batani lakumanja, musankhe Mark Directory as, kenako Excluded, ndipo chenjezo likakakamirabe chitani Invalidate Caches. Mu VS Code ikani fodayo mu `intelephense.files.exclude`. Koma kumbukirani kuti apa mwangophimba maso a editor. Composer akuionabe fodayo. N'chifukwa chake sitepe imeneyi ndaiika kumapeto, mutatsimikiza kale ndi ReflectionClass.

Mukatha zonse, yendetsani `composer dump-autoload -o` ndipo muwerenge mzere uliwonse. Mawu akuti "Ambiguous" asaonekemo. Bwerezani ReflectionClass pa seva kuti muone kuti tsopano ikuloza fayilo yoyenera.

Kenako pitani pa geti. Ine tsiku lija ndinakwera taxi mpaka ku Randburg, ndipo tinayesa ndi mlonda uja. Tinayamba ndi khadi ya wokhala pa complex, geti linatseguka. Tinayesa khadi ya kontilakita amene chilolezo chake chinatha, linakana monga mmene liyenera kuchitira. Mawa lake nthawi ya 5:40 mlonda ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti mayi aja aika chala kamodzi kokha ndipo alowa.